Tindodo ta Shuga ta Lachisanu Lija

Ntchito yanga yoyamba ku Doha inali yotsuka mapoto. Kumudzi ndinkawauza kuti ndikugwira pa hotela yaikulu ku West Bay, ndipo silinali bodza, koma ukuluwo sunkafika komwe tinali ife. Ife tinali pansi penipeni, kuseri kwa khitchini, komwe nthunzi imakunyowetsa malaya usanagwire ngakhale supuni. Mapoto ake, abale, ena mwana wa sitandade wani akhoza kubisalamo osaoneka.

Amene anandilandira kumeneko anali bambo wina wa ku Machinga, Msilamu, wa imvi za apo ndi apo. Tonse a ku Malawi tinkangowatchula kuti Madala. Anali atatsuka mapoto m'hotelamo zaka zambiri moti ankadziwa lomwe likudontha ndi lomwe chogwirira chake chikugwedera. Ndiwo anandiphunzitsa kukwera metro, ndiwonso anandikonzera bedi pafupi ndi lawo m'nyumba ya antchito ku Old Airport. Tsiku loyamba lomwelo anandikhazika pansi.

"Mphwanga, miyezi yoyambayi uli pa pulobeshoni. Ukalakwitsa chachikulu, ndege yomwe inakubweretsa ija ikudziwabe njira. Maso patsogolo, pakamwa potseka."

Malangizo amenewo ndinawasunga bwino kwambiri. Ndinawasunga mpaka kupitirira muyeso, monga mumvere.

Madala anali ndi chinthu chimodzi chomwe ankachilakalaka. Moyandikana ndi kotsukira kwathu kunali chipinda chophikiramo makeke ndi zotsekemera, ndipo iwo akangopeza mpata ankaima pakhomo pake, manja ali kumbuyo, kumangoonerera. Ankafuna kulowa m'menemo ngati wophika, atavala chipewa choyera. Sankabisa ayi. Ankati, "Ndikufuna ndikabwerere kumudzi ndili ndi luso m'manja, osati zala zosuwa ndi sopo basi. Munthu ungakatsuke mapoto a ndani ku Ntaja?"

Mkulu wa chipindacho anali mayi wina wa ku Ulaya, wamfupi, wosachedwa kupsa mtima, koma wodziwa ntchito yake. Tinkangoti Shefu. Chaka chilichonse Disembala akamayandikira, Shefu ankapanga timaswiti tina tokongoletsera mtengo wa Khirisimasi womwe unkaimikidwa polandirira alendo. Timaswiti take n'totalika ngati pensulo, tokhota kumutu ngati ndodo ya agogo, ta mizere yofiira ndi yoyera yozungulira. Ife tinkati tindodo. Ndinalawako kamodzi kothyoka, ndipo ndinadabwa: kakutsekemera koma kakuzizira m'kamwa ngati mankhwala otsukira mano. Anati ndi pepaminti. Ndinati azungu nawonso, switi n'kumaiika mankhwala a chifuwa?

Mahotela ena ankangogula tindodoti m'makatoni. Shefu ankakana. Ankati za m'makatoni ndi za aulesi, ndipo tsiku lina ali m'kati mokoka shuga anatifotokozera komwe tinachokera. Akuti kalekale kwawoko tinali towongoka, toyera tokhatokha, popanda mzere. Ndiye pali nkhani yomwe anthu amakamba, yoti mkulu wina wa kwaya anatopa ndi phokoso la ana m'tchalitchi pa mapemphero aatali a Khirisimasi, n'kupempha wopanga maswiti kuti amupangire timitengo ta shuga toti ana azinyambita n'kukhala chete. Poopa kuti anthu anganene kuti akudyetsa ana maswiti m'nyumba ya Mulungu, anati tikhotetsedwe kumutu tifanane ndi ndodo za abusa aja anapita kukaona khanda. Shefu anaseka n'kunena kuti ngati nkhaniyo ili yoona palibe akudziwa. Chomwe ankatsimikiza n'chakuti kukhotako kunathandiza kuti tizikoloweka bwino panthambi, ndipo mizere yofiira ndi pepamintiyo zinabwera pambuyo. Kale kukhotetsa kunali kwa pamanja, ndipo tambiri tinkathyoka, mpaka kunadzabwera makina.

Madala anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine m'Chichewa. "Abusa akwawo ndi ofatsa eti? Kwathu mbuzi ikalowa m'munda timaiponyera chibuma."

Ine ndinkawaseka kuti Msilamu wathunthu akufera maswiti a Khirisimasi. Iwo ankati shuga alibe mpingo.

Chaka chimenecho Shefu anayamba kuwalola kugwira nawo. Ntchito yake si yamasewera. Umawiritsa shuga mpaka apse, n'kumukhuthulira patebulo la mwala, n'kudonthezera pepaminti uja. Fungo lake limakulasa m'maso. Kenako umapatula kachigawo n'kukapaka zofiira, ndipo chotsalacho umachikoloweka pa ngowe ya pakhoma n'kumakoka, kupinda, kukokanso, mpaka chiyere mbee. Ukatero umaumba chimtanda, n'kuyala mizere yofiira m'mbali mwake, n'kumachikoka ngati chingwe uku ukupota, kudula ndi sizasi, n'kukhotetsa mutu kasanaume. Ukachedwa pang'ono kamathyoka. Ukafulumira kamakuwotcha ngakhale uli ndi magolovesi. Madala anatuluka matuza m'zala zonse koma sanadandaule ngakhale tsiku limodzi.

Panali chinthu chimodzi chokha chomwe ankakanganapo ndi Shefu. Pofuna kudziwa ngati shuga wapsa, Shefu ankaviika themometa, kachitsulo koyezera kutentha. Madala manambala ake sankawakhulupirira. Iwo ankatenga kapu ya madzi ozizira, n'kudonthezamo shuga pang'ono, n'kutulutsa kachidutswako, n'kukathyola pafupi ndi khutu. Kakati thyo, ndiye kuti wapsa. Kakapindika, sanapse. Akuti anaphunzira kwa azakhali awo omwe ankaphika maswiti a mtedza ogulitsa pasukulu. Shefu ankakalipa kuti muno si m'mudzi, koma nthawi zonse akayeza ndi themometa yake ankapeza kuti khutu la Madala lanena zoona.

Kenako munthu wina wa m'chipindamo anasiya ntchito, malo n'kutseguka. Shefu anawaitana Madala n'kuwauza kuti Lachisanu m'mawa apange okha tindodo tonse ta pamtengo, kuyambira kuwiritsa mpaka kukulunga, iye kulibe. Tikatuluka bwino, malowo ndi awo. Madala sabata imeneyo anasita yunifomu yawo kawiri.

Lachisanu linafika. Ndinkasuzumira ndili ndi thovu m'manja, ndipo ndikunena pano poyera kuti ntchito ija inali yokongola. Mizere inali yofanana, mitu yokhota mofanana, tonse tikunyezimira. Pofika cha m'ma leveni mathireyi anali atadzaza pa chishelefu cha matayala. Madala anavula magolovesi, n'kuyang'ana wotchi.

"Mphwanga, ndikaswali Juma. Tisiye tizizire pomwepa, ndikabwera ndidzakulunga. Undiyang'anire."

"Pitani Madala, musadere nkhawa."

Apa ndiye panayambira uchitsiru wanga. Lachisanu masana hotela imadzaza ndi anthu odzadya, ndipo kotsukira kwathu makina anali akufuka nthunzi osapuma. Ndinayang'ana tindodo tija, n'kumva mmene kunkatenthera, mtima n'kuyamba kundiuza zinthu. Ine kwathu ku Mponela ndinakulira pogulitsa mafizesi, ndipo chomwe ndinkadziwa n'chakuti mdani wa chotsekemera ndi kutentha. Chinthu chabwino chimasungidwa mufiriji, basi. Komanso potiphunzitsa ntchito anatiuza kangapo kuti chakudya chisamakhale pamtunda, chilichonse chizilowa m'koldirumu, chipinda chozizira chija. Ndinati ndiwathandize Madala. Wophika buledi anali pomwepo, nsana wake uli kwa ine, ndipo ndikanangomufunsa mawu awiri okha. Sindinafunse. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli anadya ndi wina.

Ndinakankha chishelefu chija mpaka m'koldirumu, n'kutseka chitseko, n'kubwerera kumapoto ndikudzitama mumtima kuti ndine mnyamata woganiza.

Patatha ngati ola, nditaona kuti abwera posachedwa, ndinakachitulutsa n'kuchibwezera pamalo pake penipeni kuti asavutike. Ndinapita kukatsuka poto limodzi. Pobwerera ndinapeza tindodo tonse tili thukuta, timadontho tamadzi tili mbwee ngati pabotolo lochokera mufiriji. Ndinatenga kansalu kuti ndipukute kamodzi. Mayo ine! Kufiira kuja kunatsatira nsalu, kuyera kuja n'kusanduka pinki, kandodo n'kundimata m'zala. Ndinayesa kena, chimodzimodzi. Miyendo inandizizira. Kansaluko ndinakaponya pansi pa zinyalala, n'kuthamangira kusinki, n'kutsegula madzi mwamphamvu, mutu uli pansi.

Madala analowa akumwetulira, kachipewa kawo ka kumzikiti kali kumutu. Ndinawamva akuima. Sanakuwe. Anangoti, "Aa." Kamodzi kokha.

Shefu anafika posakhalitsa. Nthawi imeneyo mathireyi anali atasiya kuzizira, palibe chikanamuuza komwe anachokera. Ananyamula kandodo kamodzi, kakumata, mizere itayenderera, n'kukabwezera pansi.

"Shuga uyu sanapse," anatero. "Munayeza ndi themometa?"

Madala sankanama, ngakhale pa zazing'ono. "Ndinayeza ndi madzi, Shefu."

"Ndinakuuzani kangati?"

Ine ndinali mapazi asanu okha kuchokera pomwe anaima. Mawu ndinali nawo, anali pakhosi pomwepa: ndine ndinalowetsa m'koldirumu. Koma ndinaona ndege. Ndinaona mayi anga akundilandira pa depoti ndi chikwama chomwe ndinapita nacho, anthu akufunsa kuti bwanji msanga chonchi. Ndinakumbukira za pakamwa potseka, n'kubisala kuseri kwa malangizo a munthu yemwe ndinali kumupha. Ndinapitiriza kukwecha poto lomwe linali loyera kale.

"Khalas," anatero Shefu, kutanthauza kuti zatha. Anatuma dalaivala kukagula tindodo ta m'makatoni, tomwe ankatinyoza tija. Kenako anandikodola ine. "Iwe, taya izi, utsuke mathireyiwa."

Ndinataya ndi manja angawa. Thireyi iliyonse ndinkaikhuthulira mubini, fungo la pepaminti likundilowa m'mphuno, Madala ali pambali panga atavalanso epuloni yawo ya pulasitiki. Anandithandizanso kutsuka. Ndikakumbukira zimenezo mpaka lero ndimachita manyazi oti ndingalowe pansi.

Ndikanakonda akanakwiya, kapena kukayikira winawake. Koma iwo anadzikayikira okha. Masiku opuma anayamba kugula shuga ku supamaketi, n'kumawiritsa m'kapoto kukhitchini ya kunyumba kwathu kuja. Ankadontheza m'madzi, kuthyola pakhutu, n'kundiitana.

"Tamvera iwe, makutu ako ndi anthete. Kati thyo kapena ayi?"

"Kati thyo, Madala."

"Tsiku lijanso kanatero. Ndinamva ndithu. Nanga chinavuta n'chiyani?"

Ine ndinkangoti kaya.

Tsiku lina madzulo dzuwa lisanalowe tinapita kukayenda ku Corniche, monga tinkachitira tikalandira ofu limodzi. Tinakhala pakhoma lija tikuyang'ana maboti. Ndinali nditakonzeka kuti lero ndinena. Ndinayamba, "Madala, za tindodo tija..." Iwo anandidula. Anati ndisawamvere chisoni, kulakwa kunali kwawo, munthu ukakula uzivomereza kuti khutu layamba kugontha. Anati anachita mwano kukana chipangizo cha eni ake. Kenako anandigulira tiyi wa karaki, wa mkaka wambiri uja. Ndinamwa. Tangoganizani, ndinamwa tiyi wawo mpaka kutha, osanena kanthu.

Pakhomo la chipinda cha makeke sanaimenso. Kontirakiti yawo itatha sanaiwonjezere. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pabwalo la ndege, ndipo potsanzikana anandigwira phewa n'kunena kuti ndine mwana wabwino.

Chaka chotsatira Shefu anasowa wothandiza pa tindodo. Anakumbukira kuti ine ndinkaonerera, n'kundiitana. Ndikanakana, koma sindinakane. Tsiku loyamba, asanandipatse ngakhale magolovesi, anandiimika pakhomo la koldirumu n'kuloza.

"Lamulo loyamba: shuga wophika salowa umu. Akazizira n'kutuluka amachita thukuta, mitundu imayenderera, ntchito yonse yawonongeka. Wamva?"

"Ndamva, Shefu."

Ndinamuyang'ana kuti mwina akumbukira, mwina alumikiza. Ayi ndithu, iye nkhani ija anaiiwala kalekale. Anangoti yala, tiyambe.

Malo aja ndinawatenga ine. Chipewa choyera ndimavala ine. Shefu uja anachoka, kunabwera wina, ndipo tsopano Disembala akafika tindodo ta pamtengo ndimapanga ndine, alendo n'kumajambula zithunzi ana awo akuthyola panthambi. Themometa ndimaviika, inde, koma pambali pamakhala kapu ya madzi ozizira. Anzanga amandiyamikira kuti njira imeneyi ndinaitenga kuti. Ndimati kumudzi.

Ndi Madala tinkalankhulana pafoni mwa apo ndi apo, pa Idi, pa chaka chatsopano. Nkhani zake zinali za mvula, za mitengo ya feteleza, za amene wamwalira. Za chipewa sindinawauze, koma a ku Malawi kuno sitisungirana chinsinsi, anamva. Anandiimbira okha kundiyamikira. Anati bola mwana wa kwathu walowa m'chipinda chija.

Mlandu suwola, akulu ananena. Disembala wathayu ndinawaimbira masana ndili pa buleki, zala zikununkhabe pepaminti. Anali pakhonde, kumbuyo kukumveka nkhuku ndi njinga yamoto. Anati akulima mpunga pang'ono, ndipo nthawi zina amalondera pa golosale ya mlamu wawo. Ndinafunsa mosaganiza kuti nanga za maswiti bwanji, paja ankafuna kukatsegula kamalo kophikira maswiti pa Ntaja.

Anaseka. "Aa, mphwanga, zimenezo ndinazisiya konko. Mayi akuno anandigulira mpaka poto, kundikakamiza kuti ndiyese. Ndinati ayi, ndingawononge shuga wa ana. Ine luso limenelo ndinalibe, ndinkangodzinamiza. Lili pomwepo potolo, amasungiramo nyemba."

Pamenepo sindinathenso. Ndinatuluka panja pomwe amatsitsira katundu, n'kutsamira khoma, n'kunena zonse. Ndinanena za nthunzi, za koldirumu, za kansalu komwe ndinabisa m'zinyalala. Ndinanena kuti ndinali pomwepo Shefu akuwakalipira, ndipo ndinatseka pakamwa chifukwa cha mantha. Mawu ankatuluka mosalongosoka, ndikulira ngati mwana, madalaivala akundiyang'ana.

Kumbali kwawo kunali zii. Ndinayesa netiweki yaduka.

"Madala?"

"Ndilipo." Anapuma kaye. "Ndiye kuti shuga uja anapsa?"

"Anapsa, Madala."

"Anapsa bwinobwino?"

"Bwinobwino. Tindodo tija tinalibe vuto lililonse. Ndine ndinawononga."

Ndinamva mpando ukukhwekhwereza, kenako mawu awo ali patali ndi foni, akuitana m'nyumba mokweza ngati mnyamata. "Amayi! Tabwerani mumve! Shuga uja anapsa! Khutu langa silinaname!" Mayiwo anayankha zina zomwe sindinamve, ndipo Madala anabwerezanso, akuseka, kuti anapsa, anapsa ndithu.

Kenako anabwerera pafoni. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Mphwanga."

"Ine Madala."

"Masiku onse aja ndinkawiritsa shuga m'kapoto, ndikukufunsa kuti chinavuta n'chiyani. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ehe," anatero. Anakhala chete pang'ono. "Chabwino. Bwerera ku ntchito, angakukalipire."

Anadula. Kuchokera tsiku limenelo ndawaimbira katatu. Foni imaitana mpaka kusiya yokha.